Musagule liwu lakuti "waterproof", tembenuzani buluku muone msoko

Mvula ikangogwa kawili mu Novembala, Lusaka imadzala na akatswili a zovala. Munthu amene mu Okutobala anali kugulitsa macaja a foni pa Lumumba Road, manje wakoleka marenikoti pa mkono, afuula kuti "original, waterproof, madzi sangena!" Ma rider amaima, amagwila nsalu na zala ziwili, amakambilana mtengo, amalipila. Pakapita masiku atatu mvula yeniyeni yabwela, ndipo munthu asanafike na pa Kafue Roundabout kabudula wamkati wanyowa kale monga wakhala m'beseni. Amatukwana wogulitsa, koma caka camawa adzagulanso cimodzimodzi kwa munthu wina.

Nikamba na imwe amene mudyela pa njinga yamoto: a delivery m'Lusaka, onyamula anthu ku Chipata, ku Katete na ku Petauke, na imwe amene munagula yanu kuti muleke kulimbana na ma conductor. Covala ca mvula ni ciwalo ca njinga, monga buleki na tayala. Amene amacigula na cenji yotsala aseweletsa moyo wake pamodzi na wa munthu amene wakhala kumbuyo.

Niyambile pa mawu amene timamva pa station iliyonse: "Ine sindine mcele, siningasungunuke." Zoona, simudzasungunuka. Koma madzi amacotsa kutentha m'thupi mofulumila pafupifupi nthawi 25 kuposa mpweya wouma, ndipo pa njinga mumadzipangila mwekha mphepo. Lusaka ili pamtunda wa mamita opitilila 1,200 kucokela pa nyanja yamcele, conco mvula ya madzulo mu Januwale imazizila ngakhale kuti masana kunatentha. Thupi likazizidwa limacepetsa magazi opita kumanja na kumapazi kuti lisunge cifuwa. Zala zimauma. Zala zimenezo ndiye zimagwila kilachi na buleki ya kutsogolo. Pa liwilo la makilomita 60 pa ola, njinga imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Dzanja likacedwa hafu ya sekondi cabe, mwapita mamita 8 musanayambe kumanga. Imeneyo ni minibasi imodzi na hafu. Ndipo tonse tidziwa kuti minibasi imaima paliponse pamene munthu wakweza cala.

Munthu wonyowa amasinthanso kaganizidwe. Amapinda msana, amabisa cibwano m'cifuwa, amaleka kuyang'ana magalasi a m'mbali, ndipo mutu wake wonse uli pa kufika mwamsanga. Amathamanga pa nthawi imene mseu ufuna kuti acepetse: mvula yoyamba imanyamula oilo na fumbi zimene zaunjikana pa phula miyezi yonse ya cilimwe, mizele yopenta imatelela, maenje amabisala pansi pa madzi. Wa mcele uja sanasungunuke, koma ayendetsa monga woledzela.

Manje tibwele pa liwu lija. Kulemba "waterproof" pa paketi kumafuna inki cabe. Amene amapanga nsalu zenizeni amaipima: amaika paipi pamwamba pa nsalu, amathilamo madzi, n'kuona kuti madziwo akwela mamilimita angati nsalu isanayambe kudontha. Ndiye manambala amene mumaona pa zovala zina, 1,500 mm, 5,000 mm, 10,000 mm. Ya 1,500 ingakuthandizeni poyenda pansi kucoka pa basi kufika panyumba. Pa njinga mvula imamenya cifuwa na mphamvu ya liwilo lanu, ndipo mumakhalila nsalu na thupi lonse, conco pafunika ya kufupi na 10,000. Zovala za nchito zopimidwa ku Ulaya zimakhala na cizindikilo ca EN 343 pa kansalu ka mkati. Mukacipeza, ni bwino. Nidziwa kuti pa Kamwala kapena ku City Market zambili zilibe nambala iliyonse, ndipo zina zili na manambala onama. Ndiye cifukwa cake nikuti lekani kuwelenga paketi, yang'anani covala.

Cimene cimagonja coyamba si nsalu. Mu 1823 Charles Macintosh wa ku Glasgow analembetsa njila yake yoika labala pakati pa nsalu ziwili, ndipo nsaluyo inali yosalowa madzi. Atelala atayamba kusoka makhoti, anthu ananyowabe, cifukwa nyeleti iliyonse imasiya kabowo. Papita zaka 200 ndipo vuto ni lomwelo. Makina akasoka jekete amaboola mabowo masauzande. Opanga abwino amamata tepi mkati mwa msoko uliwonse, kapena ngati ni PVC amawochelela mbali ziwilizo pamodzi popanda ulusi. Opanga otsika mtengo amangosoka, n'kulongeza. Kunja zovala ziwilizi zimaoneka zofanana. Mkati ndiye muli nkhani.

Ndipo pa misoko yonse, wofunika kwambili ni wa pakati pa miyendo. Ganizani mmene munthu amakhalila pa njinga. Madzi a pacifuwa amatsikila pansi, a pa thanki amabwelela kumbuyo, onse amakumana pa mpando, pamalo amene misoko inayi ya buluku imakumanilana. Pamenepo pamapangika kadziwe, ndipo imwe mwakhalapo na makilogilamu anu onse, kukanikizila madzi m'mabowo a nyeleti. Ndiye cifukwa cake ma rider ambili amatsika pa njinga cifuwa cili couma koma kutsogolo kwa buluku kuoneka monga acita ngozi ya mwana wa giledi 1. Timaseka, koma munthu ameneyo adzakhala m'cinyezi cimeneco mpaka 21 koloko, khungu likucekeka.

Conco m'shopu, musanafunse mtengo, tembenuzani buluku. Yang'anani ngati tepi yayenda pa msoko wonse, makamaka pa mphambano ija. Ikandeni pang'ono na cikhadabo: ikayamba kumatuka m'manja mwanu, idzamatuka pa mpando. Kwezani nsalu ku dzuwa, muone ngati kuwala kupita pa mzele wa ulusi. Ngati muli na botolo la madzi, pindani nsalu ikhale monga kathumba, msoko uli pansi, thilanimo madzi na kufinya. Wogulitsa amene akana kuti mutembenuze katundu wake wakuyankhani kale.

Zotsala pa jekete n'zacidule. Zipi wamba imalowa madzi, conco ifunika cophimba pamwamba pake, comata kapena ca mabatani. Kolala ifike pansi pa helimeti, cifukwa madzi akapeza njila pakhosi amatsika mpaka pamcombo. Kumanja na kumapazi kukhale komanga. Muyese covala mutavala jekete yanu ya masiku onse, ndipo mukhale pa njinga kapena munjute, manja kutsogolo. Buluku imene ikwana mutaimilila imakwela kufika pa msongolo mukakhala, ndipo madzi onse amathila m'nsapato. Gulani ca zidutswa ziwili, jekete na buluku. Ovolosi ya cidutswa cimodzi imatseka bwino m'ciuno, koma yesani kuivala m'mbali mwa Great East Road mvula itayamba kale, nsapato zili na matika. Ndipo ikang'ambika pamodzi, mwataya yonse.

Cimene nifuna kuti cicoke pa miseu yathu ni cipepala cija cacikulu ca bowo la mutu pakati, cimene ena amaphimbila thupi, mahandulo, nthawi zina na kasitomala yemwe. Nimvetsa cifukwa cake anthu amacikonda: n'cochipa, cimavalika m'masekondi, ndipo munthu wa kumbuyo naye amabisalamo. Koma pa liwilo cimasanduka tenti ya pamalilo imene mphepo yaizula. Thilaki ikakupitililani pa Kafue Road, mphepo yake imalowa pansi pa cipepalaco n'kukukankhilani kumbali. Cimaphimba ma indicator na magalasi, ndipo cina cimagwela pa nyali ya kutsogolo. Cimamanga manja pa nthawi imene mufuna kukhota mwadzidzidzi. Coipa kuposa zonse ni mcila wake, umene umalendewela pafupi na wilo ya kumbuyo. Nsalu ikakodwa m'masipoko kapena m'cheni, wilo imaima pamenepo, ndipo cimene cikoka nsaluyo cili pakhosi panu. Azimayi amene amakwela njinga atavala citenge adziwa kale kuti nsalu yolendewela imafunika kuipinda na kuikhalila. Nanga mwamuna wamkulu woyendetsa amavalilanji nsalu ya mamita awili yopanda comanga?

Za mtundu wa covala nidziwa kuti tikangana. Acinyamata afuna cakuda. Cakuda cimaoneka ca mtengo, sicionetsa dothi, ndipo palibe amene afuna kuoneka monga wa khansolo wokumba ngalande. Koma khalani pa mpando wa woyendetsa motoka kwa mphindi imodzi. Ni 18:30, mvula ikugwa, ma wiper ake anatha caka catha, galasi lacita nthunzi mkati, nyali za motoka zobwela zimumenya m'maso, ndipo m'miseu yambili ya m'makomboni mulibe magetsi. Kutsogolo kwake kuli munthu wovala zakuda, pa njinga yakuda, pa phula lakuda lonyowa, kanyali ka kumbuyo katapakika matika. Akakugundani adzauza apolisi kuti sanakuoneni, ndipo kamodzi kameneka adzakhala akamba zoona. Cikasu cowala na olenji zimaoneka kukali kounika, ndipo usiku cimene cimagwila nchito ni mizele yobweza kuwala. A delivery muli na vuto lina: cibokosi ca kumbuyo cimabisa msana wonse, conco mzele wa pamsana ni wopanda phindu kwa imwe. Funani mizele ya pamikono na pamiyendo, ndipo matani tepi yowala pa bokosi lenilenilo. Miyendo na manja zimasuntha, ndipo diso la woyendetsa limagwila msanga cinthu cosuntha.

Kumapazi ndiye kumene umphawi na ulesi zimakumana. Wina wamanga mapulasitiki a buledi mkati mwa matekisi, wina wavula nsapato n'kuziika m'bokosi, ayendetsa na pata-pata. Madzi amene phazi lanu limapondamo ku Kanyama, ku Misisi kapena ku Chawama si a kumwamba okha. Mbali yaikulu ya Lusaka ni yathyathyathya, yakhala pa mwala wa laimu, madzi a pansi ali pafupi, ndipo mvula ikaculuka zimbudzi zokumba zimasefukila. Kolela imene inayamba mu Okutobala 2023 inafika poti National Heroes Stadium inasandutsidwa cipatala mu Januwale 2024. Kolela imalowela pakamwa, osati paphazi. Koma ni manja ati amene amavula nsapato zonyowazo na kufinya masokosi? Ni omwewo amene pakapita mphindi khumi anyamula cakudya ca kasitomala, kapena vitumbuwa vanu pa kantemba.

Magambutsi amatseka madzi bwino, ndipo pakati pa iwo na pata-pata palibe mpikisano. Koma sin'dzawatamanda kopitilila. Akakhala aakulu, phazi silimva giya, mphila yonyowa imatelela pa copondela, ndipo munthu akagwa amavuka n'kusiya kakolo poyela. Ngati ndiwo mukwanitsa, gulani okugwilani bwino, a zidindo zakuya pansi. Cabwino koposa ni jombo zacikumba zofika pamwamba pa kakolo, zopakidwa polishi wambili, na zophimba zake za mvula pamwamba. Mulimonsemo, buluku ikhale kunja kwa nsapato. Kuiloweka mkati ni kuika faneli.

Magolovesi nawonso: pa njinga zathu manja amakhala m'munsi mwa zigongono, madzi amatsika na mkono, conco mkono wa jekete uphimbe pakamwa pa golovesi. Amene alibe osalowa madzi angavale a labala opyapyala mkati mwa a masiku onse. Zala zidzacita thukuta koma mphepo siidzaziumitsa. Galasi la helimeti likhale loyela. Lakuda lija la masana, usiku wa mvula ni khungu lodzigulila, ndipo lokandika limamwaza kuwala kwa motoka iliyonse yobwela. Likamacita nthunzi, litseguleni pang'ono pansi, kapena pakani kadontho ka sopo wotsukila mbale mkati na kupukuta. Kulikweza lonse, monga ambili amacitila, kumatanthauza kuyendetsa maso ali otsinzina hafu.

Nimva kale yankho: "Ba mudala, ndalama." Ine sin'nakambe kuti mugule Gore-Tex. Nsalu imeneyo, imene inacokela pa zimene Bob Gore anapeza mu 1969, imatseka madzi koma imatulutsa nthunzi ya thukuta, ndipo mtengo wake ungagule matayala na cheni zonse pamodzi. Siinapangidwile munthu wa cashing. M'mashopu a hadiweya na ogulitsa zovala za nchito muli masuti a PVC amene amavala a m'migodi ku Copperbelt na omanga miseu: olemela, osakongola, acikasu, misoko yowochelela. Coipa cake n'cakuti satulutsa mpweya, conco m'kutentha kwa Novembala mudzanyowa na thukuta lanu. Cimeneco nivomela. Koma thukuta lotsekeledwa mkati, mphepo yosalifika, silicotsa kutentha monga mvula yodutsa m'nsalu, ndipo mvula ikaleka mumavula. Pakati pa ziwilizi pali nayiloni yopakidwa mkati, ya tepi pa misoko, yopepuka. Ku salaula nakonso kumapezeka majekete abwino a m'mapili a ku Ulaya, koma samalani: copaka ca mkati cimakalamba olo covala cisanavalidwe kwambili. Ngati mkati mukugwa tuzidutswa toyela monga mfundu za m'mutu, kapena mukumata m'manja na kununkha, cinatha kale.

Ndipo tisanamizane za ndalama. Yang'anani njinga zoimikidwa panja pa mall iliyonse. Tumagetsi twa buluu pansi pa thanki, sipika ya Bluetooth, masitika, ekizozi yoboola kuti ilile monga ya mpikisano. Zonsezo zinagulidwa. Suti ya mvula ndiye ilibe bajeti. Koma tsiku la mvula ndiye tsiku limene anthu safuna kutuluka m'nyumba na m'maofesi, ndiye pamene foni imalila. Wopanda covala amaima pansi pa denga la filling station maola awili, kuyang'ana anzake akudutsa, ndipo madzulo cashing ya abwana siicepa cifukwa kunagwa mvula. Ena a imwe munayamba nchito iyi m'nyengo ya 2023 mpaka 2024, caka ca cilala cimene boma linacilengeza kukhala tsoka la dziko mu Febuluwale 2024. Munaphunzila kuyendetsa m'caka cimene mvula inakukhululukilani. Musaciyese muyezo.

Koma mlandu waukulu si wa mnyamata wa pa njinga. Ni wa imwe eni ake. Muli na njinga zisanu, khumi, mumalandila cashing tsiku lililonse pa foni muli pa sofa. Munapeza ndalama yopenta bokosi na kusindikiza dzina la bizinesi yanu pa kajekete kopyapyala, cifukwa kameneko ni malonda anu oyenda. Suti ya mvula mumati ni nkhani ya rider. Dziko lino linakhazikitsa Occupational Health and Safety Act mu 2010, ndipo mfundo yake pa nkhaniyi inali yomveka: wolemba nchito ndiye amapeleka zovala zoteteza, na ndalama zake. Palibe mgodi umene umauza munthu kuti abwele na cisoti cake kucoka kunyumba. Nidziwa mozembela mwanu: mumati uyu si wanchito, ni "partner", anabweleka cabe njinga. Cabwino, tisiye malamulo, tikambe za thumba lanu. Njinga imene ili pansi pa munthu wozizidwa, wosaoneka, wothamangila kunyumba, ni yanu. Ikalowa pansi pa Canter, mafoloko, thanki na masabata osagwila nchito mudzalipila ndimwe. Suti imodzi yabwino siifika olo pa mtengo wa wilo ya kutsogolo.

Pa roadblock a RTSA na apolisi amafunsa laisensi na helimeti, ndipo acita bwino. Palibe amene adzakufunsani za msoko wa buluku. Nkhaniyi ili pakati pa rider na mwini njinga, ndipo nthawi yoikamba ni Okutobala, pamene mugwilizana za cashing, mitambo isanasonkhane. Na imwe makasitomala amene mumaitanitsa chips na nkhuku mvula ili pakati, n'kuyamba kuimba foni mphindi zisanu zilizonse kuti "muli kuti kansi?": munthu amene mumuimbila ali na manja awili, onse ali pa mahandulo onyowa.

Cinthu cimodzi cimene suti ya mvula siicita: siiteteza khungu. PVC na nayiloni yopyapyala zikakhudza phula zimang'ambika nthawi yomweyo. Zovala za njinga zopimidwa pa kukhuzika zili na muyezo wake wina, EN 17092, na zilembo A, AA na AAA. Conco suti ya mvula imavalidwa pamwamba pa jekete yolimba na jinzi, osati pamwamba pa jezi ya Chipolopolo.

Mukaigula, musaiphe mwekha. Musaikwinyile m'bokosi ili yonyowa, imacita nkhungu ndipo tepi imamatuka. Itsukeni na madzi ozizila na kansalu, popanda bulashi na sopo waufa. Iyanikeni pamthunzi, osati pa malata kapena pafupi na mbaula. Ndipo yang'anilani mwendo wa kumanja, kumene kuli ekizozi: PVC ikakhudza paipi yotentha imaboola pamenepo. Bowo laling'ono limamatika na cigamba na guluu, kucokela mkati. Buluku imatha msanga kuposa jekete, conco mukapeza wogulitsa amene amalola kugula buluku payokha, tengani ziwili.